Clarion angelfish: chifukwa chake nsomba yooneka yochuluka ili pachiopsezo

Bambo wina wa ku Nkhata Bay, amene amaweta nsomba zokongoletsa m'thanki yagalasi, watumiza funso. Akuti anaonera pa intaneti kanema wa anthu osambira pansi pa nyanja ku Mexico, ndipo nsomba zotchedwa Clarion angelfish zinali mbwee m'mbali mwa matanthwe. Funso lawo n'lakuti: "Ngati nsombazi zachuluka chotere, komanso ndamva kuti ena akuziswetsa m'mathanki, n'chifukwa chiyani oteteza zachilengedwe amati zili pachiopsezo chakutha? Kodi si njira yongofuna kuletsa malonda?"

Bambo, zimene munaona m'kanemayo n'zoona, ndipo palibe katswiri amene angakutsutseni. Pamalo pamene nsombayi imakhala, imapezekadi yambiri, moti munthu amene wamira pamenepo sachita kuifunafuna. Chimene chimadetsa nkhawa n'chakuti malowo ndi ochepa kwambiri, ndipo pafupifupi mtundu wonse wa nsombayi uli pa tizilumba tinayi tokha pa dziko lonse lapansi. Kanema amaonetsa kuchuluka kwa nsomba zimene zili patsogolo pa kamera, koma sangaonetse kuti mukachoka pa tizilumbato n'kuyenda makilomita mazanamazana mbali iliyonse, simukumananso ndi gulu lina la nsombazi lomwe likuswana ndi kudzisunga lokha.

Nsombayi dzina lake la sayansi ndi Holacanthus clarionensis, ndipo amene anailemba koyamba m'mabuku ndi Charles Henry Gilbert, katswiri wa nsomba wa ku America, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Ikakula, thupi lake limakhala la mtundu wa lalanje ndipo mutu umaderako, pamene ikakhala yaing'ono imakhala ndi mizere ya buluu yowala m'mbalimu, yomwe imazimirira ikamakula. Imadya ndere, siponji za m'nyanja ndi tizamoyo tina tomata pamiyala. Ili ndi ntchito inanso imene yaitchukitsa pakati pa osambira: nsomba zikuluzikulu zotchedwa manta zimabwera pamalo odziwika pamatanthwe n'kumayandama mofatsa, ndipo ma Clarion amazizungulira n'kumajompha tizilombo ndi khungu lakufa pathupi pawo. N'kutheka kuti m'kanema mwanumo munaonanso zimenezi, chifukwa ndi zimene ojambula ambiri amatsata kumeneko.

Kwawo kwenikweni kwa nsombayi ndi zilumba za Revillagigedo m'nyanja ya Pacific, zomwe ndi za dziko la Mexico. Zilumbazi ndi Socorro, San Benedicto, Roca Partida ndi Clarión, chomwe chinapatsa nsombayi dzina. Zoyandikira kumtunda zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku nsonga ya Baja California, dera la kumadzulo kwa Mexico, ulendo wa usana ndi usiku wathunthu pa boti, ndipo Clarión chili patali kuposa pamenepo, makilomita oposa 300 kumadzulo kwa Socorro. Nsomba zina zochepa zimaonekako ku nsonga ya Baja California ndi ku chilumba cha Clipperton, koma zimenezo n'zosochera zotengedwa ndi madzi, ndipo sitingaziwerengere ngati nkhokwe yachiwiri ya mtunduwu.

Tsono muyenera kuona m'maganizo mmene zilumbazi zinakhalira. Zonse zinayi ndi nsonga za mapiri ophulika omwe anachokera pansi penipeni pa nyanja yakuya, choncho m'mbali mwake ndi motsetsereka kwambiri. Clarion angelfish imakhala m'madzi osazama, kufika mamita pafupifupi 30, pomwe pali miyala yobisalamo ndi chakudya chomera chifukwa cha kuwala kwa dzuwa. Popeza phirilo limatsika mofulumira kulowa mumdima, malo oyenera nsombayi ndi kamzere kopyapyala kozungulira chilumba chilichonse. Roca Partida ndi thanthwe chabe lotulukira pamwamba pa madzi, loti munthu wodziwa kusambira atha kulizungulira pa kumira kumodzi. Nyanja yozungulira zilumbazi ndi yaikulu zedi, koma kwa nsomba ya m'matanthwe madzi akuyawo alibe pogona ngakhale chakudya.

Apa m'pamene pagona chigamulo cha bungwe la IUCN, lomwe limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi wotchedwa Red List. Mu 2010 bungweli linaika nsombayi m'gulu la Vulnerable, lomwe ndi loyamba mwa magulu atatu a zamoyo zoopsezedwa, pansi pa Endangered ndi Critically Endangered. Anthu ambiri amaganiza kuti chamoyo chimalowa pa mndandandawu pokhapokha chiwerengero chake chikatsika, koma njira zolowera zilipo zingapo. Imodzi mwa njirazi, yomwe imatchedwa D2, siyang'ana kutsika kwa chiwerengero konse. Imafunsa ngati chamoyocho chikukhala pa malo ochepetsetsa, kawirikawiri osafika masikweya kilomita 20, kapena ngati chimapezeka m'malo asanu okha kapena ochepera apo, ndiponso ngati pali choopsa chodziwika chomwe chingachigwetsere kufupi ndi kutha m'nthawi yaifupi. Clarion angelfish inalowa kudzera pa khomo limeneli. Akatswiriwo sananene kuti nsombayi ikutha lero. Ananena kuti tsoka limodzi lalikulu likhoza kukhudza mtundu wonse nthawi imodzi. Banja limene lakolola chimanga chambiri n'kuchiika chonse m'nkhokwe imodzi yoyandikana ndi tchire louma si banja lanjala, koma aliyense wodutsa amaona kuti moto wa tsiku limodzi ukhoza kulisandutsa lopemphetsa.

Zilumba za Revillagigedo zili ndi umboni wa zimenezi m'mbiri yake yomwe. Mu Ogasiti 1952 phiri la Bárcena linaphulika pa chilumba cha San Benedicto n'kukwirira chilumbacho ndi phulusa. Pachilumbapo pankakhala kambalame kakang'ono ka m'miyala kotchedwa San Benedicto rock wren, komwe sikankapezeka kwina kulikonse, ndipo chichitikireni zimenezo sikanaonekenso. Kambalameko sikanasakidwe ndi munthu, sikanagulitsidwe, ndipo phirilo lisanaphulike panalibe chizindikiro chakuti kakutha. Kanatha chifukwa kwawo kunali kumodzi.

Kwa nsomba yathuyi, choopsa chachikulu chimene akatswiri anatchula ndi El Niño. Dzina limeneli si lachilendo kwa inu, chifukwa ndi El Niño yemweyu amene anabweretsa ng'amba kuno kwathu m'nyengo ya 2015 mpaka 2016 komanso 2023 mpaka 2024. Chimene ife timachiona ngati mvula yodula chimayambira kumeneko, kum'mawa kwa nyanja ya Pacific. M'zaka zabwinobwino mphepo imakankhira madzi ofunda kumadzulo, ndipo madzi ozizira a pansi, omwe amakhala ndi michere yambiri, amakwera pamwamba n'kudyetsa tizamoyo ting'onoting'ono timene zamoyo zina zonse zimadalira. El Niño akabwera mphepoyo imafooka, madzi ofunda amabwerera kum'mawa n'kuphimba ozizira aja kwa miyezi yambiri, chakudya chimachepa, makorale (tizamoyo tomanga matanthwe pansi pa nyanja) amayera n'kufa, ndipo ndere zimene nsomba zinazolowera zimasintha. Nsomba yaikulu ikhoza kupirira njala kwa kanthawi, koma tiana tongoswedwa kumene timafa m'masiku ochepa tikasowa chakudya.

Kuti muone kuti mantha amenewa ali ndi maziko, yang'anani ku zilumba za Galápagos, kum'mwera kwa dera lomwelo la nyanja. Kunali nsomba yotchedwa Galápagos damsel, dzina la sayansi Azurina eupalama, yomwe inkaoneka kawirikawiri m'madzi a kumeneko. Pambuyo pa El Niño wamphamvu wa 1982 mpaka 1983 sinaonekenso, ngakhale kuti osambira ndi ofufuza akhala akuifunafuna kwa zaka zambiri, ndipo lero imaganiziridwa kuti mwina inatheratu. Nkhani ya nsomba imeneyi inasintha maganizo a anthu ambiri amene ankakhulupirira kuti nsomba za m'nyanja yamchere sizingathe chifukwa nyanja ilibe malire. Clarion angelfish inapulumuka El Niño wa 1982 ndi wa 1997 mpaka 1998, ndipo zimenezi n'zolimbikitsa. Ndi nsomba yolimba ndithu. Koma nyanja ikutentherabe chaka ndi chaka, kotero El Niño aliyense watsopano amayambira pa madzi ofunda kale kuposa amene anayambirapo wam'mbuyo. Onjezerani apo mphepo zamkuntho zomwe zimadutsa m'dera limeneli m'miyezi yotentha n'kuswa matanthwe osazama, omwe ndi malo enieni a nsombayi.

Pali chinthu china chokhudza kaswanidwe chimene chimakulitsa vutoli, ndipo inu amene mumaweta nsomba muchimvetsa msanga. Mbuna za m'nyanja yathu zimasunga mazira ndi ana m'kamwa, choncho ana amakulira pomwe pali makolo awo. Nsomba za banja la angelfish sizitero. Yaimuna ndi yaikazi zimakwera pamodzi m'madzi n'kutaya mazira ndi umuna, mazirawo amayandama, ndipo tiana timatengedwa ndi madzi kwa milungu ingapo tisanatsikire pamatanthwe. M'mphepete mwa dziko lalikulu, kumene matanthwe amatsatizana mtunda wautali, tiana totengedwa pamalo ena timakatera pamalo ena, ndipo dera limene lawonongeka limalandira ana kuchokera kwa oyandikana nalo. Pa zilumba zakutali ngati izi, tiana tambiri timapita kunyanja yakuya n'kufera komweko, ndipo mtundu umadalira tochepa timene madzi atibwezera kunyumba. Zilumba zinayi zija zikagwiridwa ndi tsoka limodzi, palibe kwina kumene ana angachokere kudzadzaza malo.

Tsopano tifike pa malonda, pomwe funso lanu lili ndi mfundo yoyenera kuilemekeza. Clarion angelfish ndi imodzi mwa nsomba zokongoletsa zodula kwambiri, ndipo imodzi yokha yakhala ikugulidwa madola zikwi zingapo, makamaka ku America ndi ku Japan. Mtengo wotere umakopa anthu kuyenda ulendo wautali ndi kuphwanya malamulo. Dziko la Mexico linaika nsombayi m'gulu la zamoyo zofunika chitetezo chapadera m'malamulo ake a NOM-059, ndipo mu 2016, pa msonkhano wa ku Johannesburg wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakuthengo, linapempha kuti ilowe pa mndandanda wa panganoli wotchedwa Appendix II. Pempholo linavomerezedwa, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017. Appendix II siletsa malonda. Imangolamula kuti nsomba iliyonse yodutsa malire a dziko ikhale ndi chilolezo cha dziko limene ikuchokera, ndipo chilolezocho chiperekedwe pokhapokha akatswiri a dzikolo atatsimikiza kuti nsombayo inapezedwa mwalamulo komanso kuti kuitenga sikuwononga mtundu wake m'chilengedwe.

Ndiyenera kukuuzani kuti chigamulochi sichinadutse popanda mkangano. Gulu la akatswiri a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, litaunika pempho la Mexico linapeza kuti umboni umene unaperekedwa sunali wokwanira kusonyeza kuti nsombayi yatsika kufika pa mlingo wofunika kuti ilowe mu Appendix II. Choncho kukayikira kwanu kunanenedwanso ndi anthu ophunzira m'zipinda za misonkhano. Ine ndimagwirizana nawo pa mfundo imodzi, yakuti malonda si mdani wamkulu wa nsombayi pakadali pano. Kutentha kwa nyanja n'koopsa kuposa maukonde a ogwira nsomba. Komabe ndikuona kuti Mexico inachita bwino. Munthu sangadziwe poyang'ana nsomba ili m'thumba la pulasitiki ngati yagwidwa ku Baja California, kapena yabedwa ku Socorro, kapena yaswedwa m'thanki, ndipo popanda mapepala oitsata kuchokera kumene yachokera, lamulo la m'dziko limodzi limathera pa bwalo la ndege. Chinanso n'chakuti ogwira nsomba zokongoletsa amakonda zazing'ono za mizere ya buluu, zomwe ndi zimene mtundu umadalira kuti uchire pambuyo pa chaka choipa. Kutenga nsomba mazana angapo m'chaka chabwino mwina sikungaoneke, koma kutenga zomwezo chaka chotsatira El Niño, pamene ana opulumuka ndi ochepa, n'kudula mbewu.

Inu a ku Nkhata Bay muli ndi chitsanzo pafupi. Mbuna yotchedwa saulosi imapezeka pa thanthwe la pansi pa madzi lotchedwa Taiwanee Reef pokha, chakufupi ndi chilumba cha Chizumulu. M'mathanki a ku Ulaya ndi ku America ili ponseponse ndipo ndi yotchipa, koma pathanthwe pake penipeni inachepa kwambiri chifukwa cha kugwidwa kwa malonda, moti mu 2018 IUCN inaiika m'gulu la Critically Endangered. Nsomba ya malo amodzi sifuna zombo zikuluzikulu kuti ithe; osambira ochepa obwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka amakwanira.

Za kuswetsa m'mathanki, zimene munamvazo n'zoona. Kampani ya Bali Aquarich ku Indonesia inakwanitsa kuswetsa Clarion angelfish ndi kulera tiana mpaka kukula, ntchito yovuta kwambiri chifukwa tianato timafuna chakudya chamoyo chaching'ono zedi m'masiku oyamba. Ichi n'chinthu chabwino ndipo ndimachiyamikira ndi mtima wonse, chifukwa wogula akapeza nsomba yozolowera thanki, yathanzi komanso ya mapepala olongosoka, chifukwa chogulira yakuba chimachepa. Koma IUCN imaunika zamoyo za m'chilengedwe, osati za m'mathanki, ndipo ili ndi zifukwa zomveka. Nsomba za m'mathanki zimachokera kwa makolo ochepa, choncho zimanyamula gawo laling'ono chabe la mitundu ya magazi imene ili m'nyanja. Zimasankhidwa chifukwa cha kukongola ndi kudya chakudya chopanga anthu, osati chifukwa chodziwa kuthawa shaki kapena kuyeretsa manta. Ndipo malonda akasintha, palibe amene amalamula kampani kupitiriza kusunga nsomba yosagulika.

Chilumba cha Socorro chomwecho chikutiphunzitsa kuperewera kwa chitetezo chodalira kusunga chamoyo m'khola kapena m'thanki. Kunali njiwa yotchedwa Socorro dove, yomwe inaonedwa komaliza kutchire mu 1972, nkhosa zobwera ndi anthu zitawononga zomera ndipo amphaka olusa atadya mbalame zambiri. Njiwayi ilipobe m'malo osungira nyama chifukwa ena anaitengeratu kalekale, koma padutsa zaka zoposa 50 ndipo ntchito yoibwezera kwawo yakhala yaitali ndi yodula, chifukwa pankafunika kuyamba kukonza chilumba chenichenicho. Kusunga chamoyo m'khola n'kosavuta poyerekeza ndi kuchibwezera kumene chinachotsedwa.

Chimene chathandiza nsombayi kuposa zonse ndi kuteteza malo ake. Mu 1994 Mexico inalengeza zilumbazi kukhala malo otetezedwa, mu 2016 bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi wotchedwa World Heritage, ndipo mu Novembala 2017 boma la Pulezidenti Enrique Peña Nieto linakhazikitsa paki ya Revillagigedo, ya masikweya kilomita pafupifupi 148,000, dera lalikulu kuposa dziko lonse la Malawi, momwe kugwira nsomba kwa mtundu uliwonse n'koletsedwa. Asilikali apamadzi a Mexico, omwe akhala ndi malo awo pa Socorro kuyambira 1957, ndiwo amalondera pamodzi ndi bungwe la boma loyang'anira malo otetezedwa la CONANP. Nkhosa za pa Socorro zinachotsedwa, ndipo ichi chili ndi phindu ngakhale kwa nsomba, chifukwa nthaka yopanda zomera imakokoloka n'kukakwirira miyala imene ndere ndi siponji zimamerapo. Maboti a alendo osambira, omwe amabwera ndi chilolezo m'miyezi yopanda mkuntho, amakhalanso maso owonjezera, popeza boti lachilendo silibisika pamalo pomwe ena akuona.

Kulondera dera lalikulu chotere, lakutali chotere, kumafuna mafuta, zombo ndi anthu chaka chilichonse, ndipo lamulo lolembedwa limagwira ntchito pokhapokha ndalama zimenezi zikamapezeka. Komanso paki ilibe mphamvu pa madzi ofunda. El Niño sapempha chilolezo kwa asilikali. Chimene paki imachita n'kuonetsetsa kuti chaka choipa chikafika, chipeze nsomba zochuluka, zazikulu ndi zathanzi, zoti zina mwa izo zipulumuke n'kuswananso. N'chifukwa chake sindiyembekezera kuti nsombayi ingachoke msanga m'gulu la Vulnerable ngakhale chitetezo chitayenda bwino kwambiri, popeza chimene chinailowetsa m'gululi, kuchepa kwa kwawo, palibe boma limene lingachisinthe. Chofunika kwa ofufuza ndi kuwerenga nsombazi pamalo omwewo chaka ndi chaka, makamaka zazing'ono, ndi kuyerekeza zaka za madzi ofunda ndi za madzi ozizira, kuti kutsika kukayamba kuonekere pa ana zisanafike pa zikuluzikulu.

Kwa inu monga woweta nsomba, dziwani kuti Clarion ndi ya madzi amchere, imafuna thanki yaikulu ndipo imavutitsa nsomba zinzake, choncho si yoyambira munthu amene wazolowera mbuna. Wina akadzakulonjezani imodzi, mufunseni chilolezo cha CITES chosonyeza dziko limene yachokera ndiponso ngati inaswedwa m'thanki. Malawi nalo lili m'pangano la CITES, kotero nsomba imeneyi ikalowa kuno popanda chilolezocho yalowa mophwanya lamulo, ndipo kuyambira 2017 palibenso njira yovomerezeka yogwirira Clarion angelfish m'madzi a Revillagigedo n'cholinga cha malonda.